Kuteteza galimoto ku makoswe m'nyengo yozizira

Mwafunsa mmene mungatetezere galimoto yanu ku makoswe mukayiimika nyengo yonse yozizira. Yambani ndi kuchotsa nyenyeswa za chakudya, mapepala ndi nsanza, pakuti makoswe amafunafuna malo ofunda omangapo chisa, ndipo akakhazikika amatafuna mawaya a magetsi. Mbewa imatha kulowa pabowo la mamilimita 6 okha, choncho tsekani paipi ya utsi ndi polowera mpweya wa injini ndi waya wotsukira mapoto, koma musiye chikumbutso pachiwongolero kuti mudzauchotse musanalize injini. Ngati galimoto ili m'garaja, boneti ikhale yotsegula, popeza makoswe amakonda mdima. Ine ndimatchera misampha pafupi ndi matayala, osati kuika poizoni, chifukwa khoswe akafera mkati fungo lake limatha milungu ingapo.