Za kutentha zinyalala za kuchipatala m'dzenje

Bambo, mwafunsa ngati n'koyenera kuti kiliniki ya kumudzi kwanu, kufupi ndi Chipata, izitenthera zinyalala zonse m'dzenje limodzi. Sikoyenera ayi. Bungwe loona zaumoyo padziko lonse la WHO limati pafupifupi 85 peresenti ya zinyalala za kuchipatala n'zosaopsa, choncho vuto limayambira pa kusakaniza. Singano za jekeseni zimayenera kuponyedwa m'bokosi lake losabooka, ndipo thonje la magazi m'thumba lachikasu. Moto wa m'dzenje sufika madigiri 850 amene ng'anjo yabwino imafika, motero singano zimatsala zili zakuthwa, pamene mapulasitiki a PVC akamanyeka amatulutsa utsi wapoizoni. Chimene chimandidetsa nkhawa kwambiri ine ndi ana amene amatola masirinji kuti aziseweretsa. Kambiranani ndi komiti ya zaumoyo ya m'dera lanu, ndipo zikakanika mudziwitse a ZEMA, bungwe la boma loteteza chilengedwe ku Zambia.