Maggie Smith sanayambire mu Harry Potter

Achemwali, mwafunsa kuti mayi aja ankaphunzitsa zamatsenga mu Harry Potter, omwenso anali mkulu wa masisitere mu Sister Act, ali ndi mafilimu ena ati, komanso kuti tiwasanje kuyambira yabwino kwambiri. Ndaona anzathu ambiri pamwambapa ayankha kuti Downton Abbey basi, nkhani yatha. Ine pamenepo sindikugwirizana nawo, ndiye mundilole nditalikitseko.

Dzina lawo ndi Maggie Smith. Anabadwira ku Ilford, ku England, pa 28 Disembala 1934, ndipo anamwalira ku London pa 27 Seputembala 2024 ali ndi zaka 89. Vuto lathu ndi loti tinawadziwa atakula kale. Pamene Sister Act inkatuluka mu 1992 anali ndi zaka 57, mphoto za Oscar ziwiri zili kale m'nyumba. Pamene Harry Potter woyamba ankatuluka mu 2001 anali ndi zaka 66. Ndiye chimene timachidziwa ndi gogo wa nkhope yosaseka ndi pakamwa pakuthwa. Luso limenelo anali nalo ndithu, koma pamene ankaposa anzawo onse ndi posewera mzimayi wodzimva amene kunsi kwa mtima ali ndi mantha, kaya a umphawi, kaya a kukalamba yekha. Kusanja kwanga kwatsamira pamenepo.

Pamwamba penipeni ndikuika The Prime of Miss Jean Brodie ya 1969, imene inawapatsa Oscar yoyamba. Amasewera ngati mphunzitsi pa sukulu ya atsikana ku Edinburgh m'zaka za m'ma 1930. Ndi mphunzitsi uja aliyense angalakelake kukhala m'kalasi mwake: silabasi amaiika pambali, n'kumauza ana za zojambula za ku Italy, za maulendo ake, za chibwenzi chake chimene chinafera ku nkhondo. Amasankhapo atsikana ochepa n'kuwasandutsa gulu lake lapadera. Poyamba nawenso woonera umakopeka, umadana ndi ahedi, Miss Mackay, amene akufunafuna njira yomuchotsera. Kenako umayamba kuona zimene zili kuseli kwa kukomako. Mayiyu amatamanda atsogoleri ankhanza, Mussolini wa ku Italy ndi Franco wa ku Spain, pamaso pa ana. Amakonza zoti mmodzi mwa atsikanawo adzalowe m'malo mwake ngati chibwenzi cha mphunzitsi wa zojambula, bambo wapabanja. Amalimbikitsa kamtsikana kachibwibwi, Mary McGregor, kuti kapite ku Spain kukamenya nkhondo ku mbali ya Franco potsatira mchimwene wake, ndipo mwanayo amafera m'sitima imene inaukiridwa, pomwe mchimwene wakeyo anali ku mbali inayo. Chimene chimandigwira mtima n'chakuti Maggie Smith sakuuza kuti umukonde kapena umude mphunzitsiyu. Muonetsetse pamene ahedi amuitanira mu ofesi n'kumuuza kuti atule pansi udindo: amayamba ndi ulemu wonyoza, khosi lili chilili, kenako mawu amanjenjemera, ndipo umazindikira kuti kunja kwa kalasi ija mayiyu alibe chilichonse. Amene ankasewera ngati mphunzitsi wa zojambula uja ndi Robert Stephens, amene panthawiyo anali mwamuna wawo weniweni. Buku lake analemba ndi Muriel Spark, mayi wa ku Scotland amene anakhalako ku Southern Rhodesia, Zimbabwe ya lero, kuyambira 1937.

Yachiwiri, ndipo masiku ena ndimafuna kuiika poyamba, ndi The Lonely Passion of Judith Hearne ya 1987. Imeneyi sindinaone wina aliyense akuitchula muno. Judith ndi mayi wosakwatiwa wa ku Dublin amene unyamata wake wonse unathera pa kudwazika azakhali ake. Amapeza kangachepe pophunzitsa ana piyano, amasamukasamuka m'nyumba za lendi, ndipo akangofika m'chipinda chatsopano amayamba n'kuika chithunzi cha azakhaliwo ndi cha Mtima Woyera wa Yesu. Amakumana ndi James Madden (wosewera gawoli ndi Bob Hoskins), bambo wongobwera kumene kuchokera ku New York. Judith akuganiza kuti wapeza banja ndi munthu wa mahotela, pomwe bamboyo anali mlonda wa pakhomo chabe. Bamboyo naye akuganiza kuti wapeza munthu wa ndalama woti alowe naye mu bizinesi. Zikaululika, Judith amabwerera ku botolo limene ankabisa. Muno mulibe nthabwala yoti abisalemo. Mumangoona mayi akudzikonza tsitsi, akumwetulira anthu amene akudziwa kuti atopa naye, kenako ali m'tchalitchi akufunsa ngati kuli amene akumumva. Anapata nayo BAFTA, mphoto ya mafilimu ya ku Britain, koma ku Oscar sanawatchule n'komwe, chinthu chimene mpaka lero ndimachiona kuti n'kukondera. Musaionere tsiku limene mtima uli kale pansi.

Pachitatu ndaika Gosford Park ya 2001 ya Robert Altman, ndipo apa ndi pamene ndikuyankha a Downton aja. Amene analemba filimuyi ndi Julian Fellowes, yemweyo amene anadzalemba Downton Abbey patapita zaka pafupifupi khumi. Lady Trentham, gawo la Maggie Smith muno, ndiye chiyambi cha Violet Crawley, gawo lawo la mu Downton, koma wa munoyu ndi woluma zenizeni. Amadandaula kuti jamu wa pa chakudya cham'mawa ndi wogula kusitolo. Mlendo wina wopanga mafilimu ku America akakana kuulula mathero a filimu yake poopa kuwaonongera, gogoyu amamuuza mofatsa kuti asavutike, palibe aliyense pa tebulopo amene adzaionere. Koma akalowa kuchipinda ndi wantchito wake wamkazi, umapeza kuti amadalira ndalama imene amapatsidwa ndi mwini nyumbayo, Sir William, ndipo akuopa kuti aidula. Mwano wonse uja ndi wa munthu wodyera m'manja mwa ena. Mu Downton Abbey, imene inayenda pa TV kuyambira 2010 mpaka 2015 n'kuwapatsa mphoto za pa TV za Emmy zitatu, mantha amenewo anawachotsamo, kunangotsala mawu okoma oti anthu azitumizirana pa foni. Ndimaikonda, koma ndi ntchito imene ankatha kuigwira ali m'tulo. Maggie Smith eni akewo ananenapo poyera kuti sankaionera.

California Suite ya 1978 ndi filimu ya nkhani zinayi zochitikira mu hotela imodzi, ndipo zinazo mutha kudumpha. Gawo lawo ndi Michael Caine ndi limene lili ndi ntchito. Amasewera ngati katswiri wa mafilimu wa ku Britain amene wabwera ku Los Angeles akuyembekeza Oscar, n'kulephera, kenako usiku womwewo, ataledzera, iye ndi mwamuna wake amakambirana zoona za banja lawo. Choseketsa n'chakuti posewera munthu wolephera Oscar, Maggie Smith anapata Oscar yachiwiri. Pafupi pomwepo ndikuika A Room with a View ya 1985, mmene ali Charlotte, msuweni wosauka woperekeza mtsikana Lucy ku Florence. Tonse tili naye wachibale wotere, uja amati "musavutike nane, ine ndigona pansi pomwepa" mpaka nyumba yonse isowe mtendere. Pali pena pamene amakakamira kubweza ndalama ya ngolo imene ena amulipirira, n'kusokoneza banja lonse ndi nkhani ya chenji.

Mwa za ukalamba wawo, yopambana ndi The Lady in the Van ya 2015, osati Downton. Ndi nkhani yoona ya Miss Shepherd, mayi amene anaimika vani yake yakutha pakhomo pa mlembi Alan Bennett ku Camden, ku London, n'kukhala momwemo zaka 15 mpaka imfa yake mu 1989. Ndi wauve, wamwano, sathokoza ngakhale umupatse chakudya. Pang'onopang'ono umadziwa kuti anali katswiri wa piyano amene analowako ku usisitere. Anaijambula pa nyumba yeniyeniyo, ndipo Maggie Smith anali atasewerapo kale gawo lomweli pa siteji mu 1999. Ali ndi zaka 80 sanapemphe woonera kuti amumvere chisoni mayiyo, n'chifukwa chake chisonicho chimabwera chokha.

Nanga ziwiri zimene mwatchulazo? Sister Act ndimaiika pakati. Filimuyo ndi ya Whoopi Goldberg, koma chotsanimo nkhope youma ya mkulu wa masisitere uja muone ngati kwaya ija ingasekese chimodzimodzi. Payenera kukhala wina wokana kuti winayo awale. Mu Harry Potter anaonekera mu mafilimu 7 mwa 8, ndipo nthawi zambiri ankangowapatsa chipewa ndi mawu awiri atatu. Mpata weniweni anaupeza mu yomaliza ya 2011, pamene amalimbana ndi mphunzitsi mnzawo Snape n'kudzutsa ziboliboli zamiyala kuti ziteteze sukulu. Dziwaninso kuti Half-Blood Prince anaijambula akulandira chithandizo cha khansa ya m'mawere. Ulemu ndimaupereka, koma pa kusanja luso sizifika pa zisanu zoyambirira.

Othello ya 1965 ndi imene inawalowetsa koyamba pa mndandanda wa opikisana pa Oscar, ali Desdemona, mkazi wa Othello. Iwo anasewera bwino, koma Laurence Olivier, amene anali Othello, anadzipaka zakuda nkhope ndi thupi kuti aoneke ngati munthu wakuda, ndipo kwa ine zimenezo zimandilepheretsa kuimaliza mtima uli m'malo. Hook ya 1991 ndi Clash of the Titans ya 1981 ndi zongodutsa. The Best Exotic Marigold Hotel ndi Ladies in Lavender, mmene ali ndi mnzawo Judi Dench, komanso Quartet, ndi zabwino kuonera Lamlungu masana ndi amayi kunyumba. Yomaliza kutuluka ali moyo inali The Miracle Club ya 2023.

Ngati bandulo ikukwana filimu imodzi yokha, tengani ya Jean Brodie. Muyatse mawu olembedwa pansi aja chifukwa Chingerezi cha ku Edinburgh chimathamanga, ndipo ana muyambe mwawagoneka, muli malo ena osayenera iwo. Mukaimaliza mubwere mundiuze ngati Sandy, mtsikana amene anakamuneneza kwa ahedi, analakwa kapena ayi, chifukwa pamenepo ine ndi anzanga sitinagwirizanepo.