Munda wokha musagulitse, achimwene

Achimwene, mwafunsa zogulitsa munda kumudzi kuti mupeze poyambira mu Lilongwe muno. Zimenezo zisiyeni kaye. Ine ndinatsika basi kudepoti mu 2015 nditagulitsa mbuzi zinayi kwathu ku Dedza, satifiketi ya fomu 4 ili mu envelopu, ndikuganiza kuti kumafakitale ku Kanengo akundidikira. Ayi ndithu. Ndinathera ku Mtandire, kachipinda ka zidina kumunsi kwenikweni kufupi ndi mtsinje wa Lingadzi, poti n'komwe lendi inali yotsika.

Ndiye kunabwera madzi aja a mu February 2017. Ndinamva kanthu kakugunda chitseko, kuyang'ana, ndi ndowa yanga yomwe ikuyandama m'nyumba. Madzi ofiira, onunkha, atatenga za m'zimbudzi zonse za kumtunda. Ndinangonyamula foni ndi thalauzi limodzi. Matiresi, thumba la ufa lomwe amayi ananditumizira, envelopu ija, zonse zinapita. Khoma la kumbuyo linagwa ndikuliona, linangosungunuka ngati shuga mu tiyi. Mwana wa aneba tinamutulutsira pawindo, mayi ake akukuwa mpaka mawu kutha.

Patangotha masiku atatu landilodi wafika, nsapato zopukuta bwinobwino, kudzafunsa lendi. Lendi ya nyumba yopanda khoma! Akuti mvula si iwo anaigwetsa, ndipo ngati sindikufuna ndituluke, pali anthu asanu akuifuna nyumbayo. Chomwe chimandiwawa mpaka lero n'choti sankanama. Anadzutsa khoma ndi zidina zomwezo, sabata isanathe munalowa banja lochokera ku Mchinji. Munthu uja ndikamuona pa minibasi mtima umachita kuwira.

Tachuluka m'tauni muno. Kalembera wa 2018 anapeza anthu 989,318, kuposa Blantyre, ndipo basi iliyonse ikutsitsabe ena. Chisamutsireni likulu kuchoka ku Zomba mu 1975, maunduna ali pa Capital Hill, okushoni ya fodya ku Kanengo, mabungwe ndi akazembe konkuno, ndiye munthu apitenso kuti? Koma nyumba za obwerafe palibe anazikonza, n'chifukwa chake Mgona, Kauma ndi Chinsapo zangodzaza thothotho. Mng'ono wanga ali ku Johannesburg akuti n'chimodzimodzi, amagona m'kanyumba ka malata. Tsono ku Lagos ndi ku Kinshasa, komwe anthu anadutsa kale 10 miliyoni, alandilodi ake ndiye amadzimva bwanji kaya.

Komabe bwerani, musaope. Ine kwathu sindinabwerere, pano ndili ndi kabaza wanga ku Area 25, ndipo ndalama yomwe ndimagwira pa sabata kumudzi ndinkaiona pokolola pokha. Bwerani nokha, alamu ndi ana atsale kaye. Nyumba mukaione mvula itagwa, muyang'ane pakhoma ngati pali mzere wa matope, mufunsenso mtengo wa ndowa ya madzi pa kiyosiki. Satifiketi muijambulitse, yeniyeniyo isiyeni kwa amayi. Mukafika mundipeze ku inbox, ndidzakutengeni kudepoti.