Funsani a Malume: ana anga akusokoneza "play" ndi "pray"

Funso: Zikomo a Malume. Ine ndimaphunzitsa Chizungu pa yunivesite ina muno mu Harare. Ana anga amalemba bwino zedi koma akangoima kutsogolo kuti ayankhule anzawo amaseka, makamaka athu a Chichewa amene amasokoneza l ndi r, mtsikana wina mpaka analira. Mnzanga akuti ndiziwapatsa mawu ojambulidwa kuti azitsanzira, koma kodi sikuwasandutsa zinkhwe kumeneko? Mphunzitsi, Mabvuku

Yankho: Achemwali, mnzanuyo mumumvere. Nanga inu Chichewa munachidziwa bwanji, si potsanzira amayi anu?

Anawo si aulesi ayi. Kwa ife l ndi r ndi liwu limodzi, khutu silinazolowere kuwasiyanitsa, n'chifukwa chake agogo athu ku Mbare, muno mu Harare, mpaka lero amati Halale. Komanso mavawelo tili nawo 5 okha (a, e, i, o, u) pomwe Chizungu cha ku Britain chili ndi pafupifupi 20, ndiye ship ndi sheep kwa mwanayo ndi chimodzimodzi. Muyambe ndi khutu, pakamwa pabwere pambuyo.

Tengani kachidutswa kakafupi, masekondi 30 basi, kaya ka nkhani za pa BBC, amvetsere katatu ali chete kenako aziyankhulira limodzi ndi wowerengayo osadikira kuti amalize, azitsata pomwe akukweza mawu ndi pomwe akupumira. Akatero adzijambule pa foni, akutumizireni pa WhatsApp, koma ayambe adzimvera yekha. Apa ndi pomwe ambiri amadzidzimuka, "ndine amene ndikuyankhula chonchi?" Muwaonetsenso lilime pa galasi: pa l limagunda kuseri kwa mano a m'mwamba, pa r siligunda paliponse.

Chinanso musamachite nokha. Inu khutu lanu ndi la Chichewa, zina zizikudutsani. Mphunzitsi mnzanu wa Chishona r ali naye koma l mu Chishona chenicheni mulibe, ndiye muzisinthana makalasi mwina kamodzi pa mwezi, iye amve ana anu inu mumve ake, kenako mukhale pansi ndi tiyi muuzane zomwe mwamva.

Ndipo chonde musawakakamize kumveka ngati a ku London, bola munthu wa ku Lagos kaya ku Delhi awamve osafunsa kawiri. Mtsikana analirayo ndi amene akundimvetsa chisoni. Muyambe naye payekha mu ofesi, mawu awiri okha, light ndi right, ndipo asaimenso kutsogolo mpaka atanena yekha kuti wakonzeka.