Funsani Akatswiri: Kodi makina a magetsi amakwezadi masaya ogwa?

Mwezi uno makalata ambiri abwera pa nkhani imodzi: makina oyendetsa magetsi ofooka pankhope, omwe m'masaluni amawatcha microcurrent. Tasankhapo makalata asanu.

Ndili ndi zaka 52. Chisiyireni msambo, masaya anga ayamba kugwa ndipo mizere yochokera pamphuno kutsikira pakamwa yazama. Ku saluni ina andiuza kuti microcurrent imakweza nkhope popanda mpeni. N'zoona, kapena akungofuna ndalama zanga?
*Mayi wa ku Johannesburg*

Zikomo mayi. Makinawa amathandizadi, koma pang'ono, ndipo phindu lake silikhalitsa mukasiya. Amene akukulonjezani nkhope ya zaka 30 akukunamizani.

Magetsi ake ndi ochepa zedi. Amayezedwa m'ma microamp, ndipo microamp imodzi ndi ampeya imodzi yogawidwa ka miliyoni. Tchaja ya foni imatulutsa ampeya imodzi kapena ziwiri, pamene makina a pankhope nthawi zambiri sapitirira ma microamp 1,000, ndipo ambiri ogwiritsa ntchito kunyumba amathera cha pa 400. N'chifukwa chake ntchito ikamayenda bwino simumva kuwawa, minofu siidumphadumpha, mumangomva timipira tiwiri tachitsulo tozizira tikutsetsereka pa tsaya.

Ogulitsa amakonda kutchula kafukufuku wa 1982 wa Ngok Cheng ndi anzake. Iwo adapeza kuti magetsi ofooka chotere amachulukitsa mpaka kasanu ATP, yomwe ndi mphamvu imene maselo amagwirira ntchito, ndipo atakweza magetsiwo kudutsa ma microamp 1,000 phindulo silidaonjezekenso. Chimene ogulitsa satchula n'chakuti kafukufukuyo adachitika pa khungu la makoswe mu labotale, osati pa nkhope ya mayi wa zaka 52. Kafukufuku wa pa anthu alipo, koma wambiri ndi wa anthu ochepa ndiponso wa nthawi yochepa.

Taonaninso chimene chikugwetsa masaya anu. Bungwe la American Academy of Dermatology limanena kuti mayi amataya pafupifupi 30 peresenti ya collagen, ulusi wolimbitsa khungu, m'zaka zisanu zoyambirira atasiya msambo. Pansi pa khungupo mafuta a m'masaya amachepa n'kutsetserekera m'munsi, ndipo ngakhale mafupa a nsagwada ndi ozungulira maso amafwota pang'onopang'ono. Magetsi sabwezera mafuta, sabwezeranso fupa. Chimene mudzaone mukatuluka mu saluni ndi nsidze zotukuka pang'ono, mzere wa nsagwada wooneka bwinoko, ndi kufufuma kwa pansi pa maso kutachepa. Gawo lina la kusinthaku limabwera chabe chifukwa chosisita nkhope kwa mphindi 45 kapena ola, zomwe zimayendetsa madzi otsakamira m'khungu. Pakatha tsiku limodzi mpaka atatu, nkhope imabwerera mwakale. N'chifukwa chake masaluni amagulitsa maulendo pafupifupi 10, awiri pa sabata, kenako ulendo umodzi pa mwezi.

Musanalipire maulendo onsewo, lipirani umodzi wokha. Apempheni ayambe ndi mbali imodzi ya nkhope, aime kaye, mudziyang'ane pagalasi. Dzijambuleni pa malo amodzimodzi, kuwala kumodzimodzi, musanayambe ndiponso patatha masiku atatu. Chithunzi chachiwiricho ndicho chikuuzeni ngati ndalama yanu ikugwira ntchito.

Mchemwali wanga wanditumizira kamakina ka microcurrent kuchokera ku Manchester. Ndikakayendetsa pankhope kamandilasalasa, nthawi zina ndimamva kukoma kwa chitsulo m'kamwa. Jelo yomwe idabwera nako idatha, ndiye ndikudzola Vaseline. Ndikulakwitsa pati?
*Mayi wa ku Area 25, Lilongwe*

Vuto lagona pa Vaseline'yo, mayi. Magetsi amayenda m'madzi, m'mafuta sayenda. Vaseline, mafuta a kokonati ndi mafuta ena onse odzola amatchinga magetsi, ndipo pamene pakhala pouma magetsiwo amaunjikana pa kadera kakang'ono n'kumaluma. Mukufunika jelo ya madzi. Ngati ya kampaniyo simuipeza, jelo imene amapaka pamimba pojambula sikani imagwira bwino ntchito, chimodzimodzinso jelo ya aloe vera yopanda mafuta, kungoti iyi imauma msanga.

Yambani ndi kusamba kumaso ndi sopo wochotsa mafuta onse, mupukute, muvule ndolo ndi mkanda. Musapake jelo nkhope yonse nthawi imodzi, chifukwa pofika pachipumi idzakhala itauma. Pakani tsaya limodzi lokha, mokhuthala moti pakhungu pazinyezimira. Ikani makina pa mphamvu yotsikitsitsa. Timipira tonse tiwiri tikhudze khungu nthawi zonse. Kamodzi kakanyamuka, njira ya magetsi yaduka, ndipo pobwerera m'pamene mumamva kakukulasani.

Muziyenda chokwera ndi chotulukira kunja, pang'onopang'ono, pafupifupi masekondi asanu pa mzere umodzi. Mzere woyamba uchokere pachibwano kutsata nsagwada mpaka pansi pa khutu. Wachiwiri uchokere pa ngodya ya pakamwa kukafika pakati pa khutu. Wachitatu uchokere pambali pa mphuno, kudutsa pansi pa fupa la tsaya, kukathera pamwamba pa khutu. Mzere uliwonse muubwereze katatu. Pachipumi yambirani pamwamba pa nsidze kukwera mpaka pamene payambira tsitsi. Anthu ambiri amathamanga ngati akusita malaya, kenako n'kumadandaula kuti makina ndi achabe. Jelo ikayamba kunanda, wazanipo timadzi kapena onjezerani ina.

Pali malo awiri oletsedwa. Musadutse pakati pa khosi, pamene pali chithokomiro. Khosi muzingoligwira m'mbali. Musalowenso mkati mwa fupa lozungulira diso, ndipo pazikope musayerekeze. Kukoma kwa chitsulo kumene mwatchulako kumachitika mukamadutsa pafupi ndi pakamwa, makamaka ngati muli ndi mano omatidwa ndi chitsulo, ndipo ena amaona ngati kung'anima akafika pafupi ndi diso. Zonsezi zimatha mukangochotsa makina, koma ndi chizindikiro choti mutsitse mphamvu kapena musunthe pang'ono.

Kampani ya NuFACE, imodzi mwa zodziwika pa makina otere, imalangiza mphindi zisanu pa tsiku, masiku asanu pa sabata kwa masiku 60, kenako kawiri kapena katatu pa sabata. Kuonjezera nthawi sikufulumizitsa kanthu. Mukamaliza, pukutani timipirato ndi kansalu konyowa kuti jelo isaumirepo, ndipo musagwiritse ntchito makina ali patchaja.

Mayi anga ali ndi pacemaker, ine ndine woyembekezera. Tonse tingagwiritse ntchito?
*Mayi wa ku Chipata*

Ayi, nonse awiri. Pacemaker, kachipangizo kothandiza mtima kugunda, kamadalira tizizindikiro ta magetsi tofooka kwambiri, ndipo magetsi ochokera kunja angathe kukasokoneza. Kwa mayi anuwo lamuloli ndi la moyo wonse, ndipo likukhudzanso aliyense amene ali ndi chipangizo cha batire m'thupi. Inuyo dikirani mpaka mutachira, chifukwa makinawa sadayesedwe pa amayi oyembekezera. Ena oyenera kuwapewa ndi odwala khunyu, amene akulandira thandizo la khansa, ndi ana osakwana zaka 18. Musadutsenso pa bala, pa ziphuphu zotupa kapena pa zilonda za pamilomo. Amene wabayitsa Botox, jakisoni wochepetsa makwinya, kapena jakisoni wodzaza masaya adikire masabata awiri.

Ndadzola mafuta oyeretsa khungu kwa zaka zisanu ndi chimodzi. Panopa nkhope yanga yapyapyala, mitsempha ikuonekera, ndipo m'masaya mwada. Kodi magetsiwa angalimbitsenso khungu langa? Ndipo ndi abwino kwa ife akhungu lakuda?
*Mayi wa ku Limbe*

Tiyambe ndi funso lachiwiri. Microcurrent siisankha mtundu wa khungu. Makina ambiri a laser ndi a IPL, omwe amagwiritsa ntchito kuwala kwamphamvu, amalunjika pa melanin, chimene chimachititsa khungu lathu kukhala lakuda, ndipo akagwiritsidwa ntchito molakwika amawotcha n'kusiya zipsera zakuda. Magetsi ofookawa alibe nazo ntchito zimenezo.

Koma inuyo, mayi, musayambire pamenepa. Zimene mwafotokozazi zikufanana ndi zimene amachita mankhwala awiri opezeka m'mafuta ambiri oyeretsa khungu. Ma steroid amphamvu, monga clobetasol, amapyapyalitsa khungu mpaka timitsempha kumaonekera. Hydroquinone akadzoledwa kwa zaka amabweretsa kuda kwa mbuu m'masaya kotchedwa ochronosis, komwe n'kovuta kwambiri kuchiza. Khungu lotere limaluma ngakhale ndi jelo yokha, ndipo magetsi sangabwezeretse chimene steroid wadya. Pitani kukiliniki ya matenda a khungu ku chipatala cha Queen Elizabeth, mutatenga mabotolo onse amene mumadzola kuti adokotala awerenge zolembedwapo. Musasiye steroid mwadzidzidzi panokha, chifukwa nkhope imatha kufiira, kutentha ndi kutuluka ziphuphu zambiri. Adokotala amasiyitsa pang'onopang'ono. Pakadali pano dzolani mafuta oteteza kudzuwa a SPF 30 kapena kuposa m'mawa uliwonse, ndipo muzivala chipewa. Ambiri amaganiza kuti khungu lakuda silifuna zimenezi, koma dzuwa ndilo limazamitsa mawanga ngati anuwa.

Muchenjerenso mu saluni, chifukwa si makina onse a magetsi amene ali microcurrent. A EMS ndi amphamvu kwambiri, amakoka minofu mooneka ndi maso. A radiofrequency amatenthetsa khungu kupitirira madigiri 40, ndipo pa khungu lopyapyala angakuwotcheni. Funsani dzina la makina asanakugonekeni pabedi.

Bambo a kunyumba adadzuka dzulo mbali imodzi ya nkhope itagwa, pakamwa patakhota, madzi akumwa akutayikira pambali. Mnzanga akuti tiwayendetse makina a magetsi kuti minofu idzuke. Titero?
*Mayi wa ku Mzuzu*

Ayi mayi, apititseni kuchipatala lero lomwe. Kugwa kwa nkhope chifukwa cha ukalamba kumabwera pang'onopang'ono kwa zaka, mbali zonse ziwiri. Kugwa kwa mbali imodzi usiku umodzi ndi nkhani ya mitsempha kapena ubongo. Kungakhale sitiroko, makamaka ngati mkono kapena mwendo wafooka, akulankhula movutikira, kapena amadwala BP kapena shuga. Kungakhalenso Bell's palsy, pamene mtsempha woyendetsa minofu ya nkhope watupa. Apa munthu amalephera kukweza nsidze ndi kutseka diso la mbali yodwalayo. Mankhwala ake, prednisolone, amathandiza kwambiri akayambidwa pasanathe maola 72, ndiye tsiku limodzi latha kale. Musayese kusiyanitsa nokha matenda awiriwa kunyumba. Mukafika, auzeni adokotala nthawi yeniyeni imene mudawaona komaliza ali bwinobwino, ndi mankhwala onse amene amamwa. Ngati diso silikutsekeka, liphimbeni ndi kansalu koyera panjira kuti lisalowe fumbi, ndipo mufunse mankhwala odonthezera m'maso kuti lisaume.