Kwa mphunzitsi wa Chingelezi amene akubwera ku Harare

Achemwali, mwafunsa za chilolezo chogwirira ntchito, za nyumba, ndiponso za kumene mungapeze anthu ocheza nawo mukadzayamba kuphunzitsa kuno mu Januwale. Ine ndiyankha funso lomalizali, chifukwa kusungulumwa ndiko kumafooketsa aphunzitsi ambiri obwera.

Amene akuti mungolowa m'gulu la WhatsApp la aphunzitsi ochokera kunja sanakuuzeni zonse. Ine ndinali m'gulu lotere, ndipo anali anthu abwino ndithu, koma ankakumana m'malesitilanti a ku Borrowdale ndi Avondale, kumene chakudya cha munthu mmodzi chimafika madola 15 kapena 20 a ku America, pomwe malipiro athu sanali ofanana. Vuto lalikulu ndi lakuti ambiri mwa iwo amachoka kontirakiti ikatha. Bambo anga atamwalira ku Dedza, onse amene ndinkawadalira anali atabwerera kwawo, ndipo amene anasonkha ndalama ya basi yodzera ku Nyamapanda ndi Tete, n'kundiperekeza pokakwera, anali amayi a kutchalitchi pamodzi ndi aphunzitsi anzanga Achishona.

Choncho ngati ndinu wa CCAP, musachedwe kudzionetsa kumpingo. Sinodi ya Harare, imene inalowa mu CCAP mu 1965, inachokera kwa makolo athu amene anabwera kudzagwira ntchito m'migodi, m'mafamu ndi m'tauni, ndipo mipingo yake mudzaipeza m'madera monga Mbare ndi Highfield. Kumeneko mufunsenso za mabungwe othandizana pa maliro. Dziwani kuti ambiri anabadwira konkuno ndipo achinyamata amalankhula kwambiri Chishona, kotero musadzawanyoze chifukwa cha Chichewa chawo, pakuti nkhani imeneyi imawapweteka mtima.

Kusukulu, phunzirani msanga kupereka moni m'Chishona ndipo muzidyera limodzi ndi anzanu nthawi yopuma. Musamakonze Chingelezi cha mphunzitsi mnzanu pagulu, ngakhale mutamva cholakwika, chifukwa mudzatalikirana ndi anthu amene akanakuthandizani kumvetsa mayeso a ZIMSEC (bungwe loyendetsa mayeso m'sukulu za ku Zimbabwe) kapena a Cambridge.

Sukulu ikakupatsani kanyumba ka kumpanda m'dera ngati Mount Pleasant, muyambe mwafunsa za mayendedwe, popeza makombi (maminibasi) amasowa kukada ndipo mutha kumangobindikira nokha. Ulendo umodzi wa kombi ndi pafupifupi dola imodzi, ndipo muzinyamula ndalama zing'onozing'ono chifukwa chenji imavuta.