Funsani Alangizi: Mitengo ya Chonde, Nandolo ndi Mtedza

Funso: Ndinadzala mitengo ya gliricidia m'munda wa chimanga chaka chatha nditamva kuti amalowa m'malo mwa feteleza. Ndakolola monga kale, ndipo chimanga cha pafupi ndi mitengoyo chinali chonyozoloka. Kodi ndiizule? Bambo wa ku Thondwe, Zomba.

Yankho: Musaizule, bambo. Zimene mwaonazi n'zimene zimachitika chaka choyamba. Kafukufuku wodziwika kwambiri wa mtengowu anachitikira kufupi ndi kwanu komweko, ku Makoka, kumene bungwe lofufuza za mitengo ya m'minda la ICRAF linayamba kuudzala pamodzi ndi chimanga cha m'ma 1992 n'kupitiriza kwa zaka zoposa 10 pamunda umodzimodzi. M'zaka ziwiri zoyamba kusiyana kunali kochepa. Kuyambira chaka chachitatu, chimanga cha m'mitengo chinayamba kubereka kuwirikiza kawiri kapena kuposerapo poyerekeza ndi cha pamunda wopanda mitengo komanso wopanda feteleza. Mtengo umayenera kuyamba wazika mizu ndi kuchuluka masamba, chifukwa chonde chili m'masambamo.

Kunyozoloka kwa chimangako nthawi zambiri kumabwera ndi mthunzi, kutanthauza kuti mitengo inachedwa kudulidwa. Gliricidia wa m'munda wa chimanga saloledwa kukula ngati mtengo wa pakhomo. Akatha chaka, mudule tsinde pa msinkhu wa masentimita 30 kuchoka pansi kuti patsale chitsa chotulutsa mphukira. Mphukirazo muzidula katatu pa nyengo: popanga mizere mu Okutobala, popalira koyamba cha mu Disembala, ndiponso cha mu Febuluwale mukaona kuti zayamba kuphimba chimanga. Pululani masamba ndi tinsonga tanthete n'kuzikwirira m'mizere zikadali zaziwisi. Apa ndi pamene ambiri amataya phindu. Masamba a gliricidia amaola msanga, ndipo akasiyidwa pamtunda kuti aume ndi dzuwa, gawo la nayitirojeni, chakudya cha mbewu chimene chili m'masambamo, limatayika chimanga chisanalipeze. Timitengo totsala ndi nkhuni zanu.

Onaninso kadzalidwe. Ku Makoka mitengo inkadzalidwa m'ngalande za pakati pa mizere, kulumpha ngalande imodzi, kotero kuti mizere ya mitengo inkatalikirana mita imodzi ndi theka, ndipo mtengo ndi mtengo masentimita 90. Pa ekala pamalowa mitengo pafupifupi 3,000. Ngati munadzala mitengo 200 yokha momwazikana, masamba ake sangakwane munda wonse, ndiye ndi bwino kuwakwirira onse pa kachigawo kamodzi kuti phindu lioneke.

Mawu akuti amalowa m'malo mwa feteleza tiwakonzeko pang'ono. Mtengowu umakoka nayitirojeni mumpweya, koma fosiforasi, chakudya china chimene mbewu zimafuna, supanga. Choncho feteleza wokulitsa musamusiyiretu, makamaka ngati nthaka inaguga kwambiri. Amene mungachepetse pang'onopang'ono ndi wobereketsa, ndipo zokolola zabwino koposa pa kafukufukuyo zinkapezeka pamene masamba aphatikizidwa ndi feteleza wochepa.

Funso: Munda wanga ndi ekala imodzi yokha ndipo mitengo ndilibe malo ake. Anzanga akudzala nandolo ndi mtedza pamzere umodzi. Kodi sizipikisana? Mayi wa ku Ntcheu.

Yankho: Zimapikisana pang'ono, mayi, koma zimakula nthawi zosiyana. Nandolo amachedwa kukula m'miyezi iwiri yoyamba, pamene mtedza ukuyala ndi kuchita maluwa. Mukakumba mtedza mu Epulo kapena Meyi, nandolo amatsala yekha, mizu yake yakuya ikumwa chinyezi chapansi, mpaka kukolola m'chilimwe. Njirayi alimi a ku Ekwendeni anaiyesa kuyambira cha m'ma 2000, ndipo kenaka inayesedwanso m'minda ya alimi ku Dedza ndi kwanu ku Ntcheu mogwirizana ndi akatswiri a ku Bunda.

Mizere italikirane masentimita 75. Dzalani mtedza ndi mvula yoyamba, njere imodzi paphando, masentimita 15 phando ndi phando ngati ndi mtundu wa CG7 kapena Nsinjiro. Musatalikitse mapando poganiza kuti mukupatsa malo nandolo, chifukwa mtedza wapatalipatali ndi umene nsabwe zofalitsa matenda a kadukutu zimaukonda. Nandolo mumudzale tsiku lomwelo pamzere womwewo, masentimita 90 phando ndi phando, njere zitatu, ndipo mtundu monga Mwayiwathu alimi umacha msanga kusiyana ndi wamakolo wochedwa uja. Mukathithikiza nandolo, mthunzi wake umachepetsa mtedza.

Chonde chimachokera m'masamba a nandolo amene amayoyoka, m'masangwi a mtedza ndi m'mizu yotsala pansi. Mukasesa ndi kuotcha pososa, mwaotcha feteleza amene munalima chaka chathunthu. Zikwirireni, ndipo chaka chotsatira mudzalepo chimanga. Ife timalangiza kugawa ekalayo pawiri kapena patatu n'kumasinthanitsa, kuti chimanga cha pakhomo chisasowe.

Vuto lalikulu ndi mbuzi. Anthu akakolola chimanga amamasula ziweto pamene nandolo akadali m'munda akuchita maluwa. Izi mlimi mmodzi sangazithe yekha. Nkhaniyi ipite kwa amfumu mvula isanagwe kuti mudzi ugwirizane za nthawi yomasulira ziweto. Muziyenderanso munda nthawi ya maluwa, chifukwa mbozi zoboola makoko zimaononga mwakachetechete.

Funso: Mbande zanga za msangu zimafa ndikangowokera. Ndikulakwitsa chiyani? Wowerenga wa ku Salima.

Yankho: Mwina ndi muzu. Msangu umatulutsa muzu umodzi wautali umene umatsika msanga. Mbande zikakhalitsa pa nazale, muzuwo umapindika m'chubu kapena kuboola n'kulowa pansi, ndiye pozula umaduka. Ikani machubu pa thandala kuti asakhudze dothi, ndipo muwokere pasanathe miyezi iwiri chimerere, mvula itakhazikika. Njere zake n'zolimba khungu, choncho muzicheke pang'ono m'mbali ndi chowengera zikhadabo, muziviike m'madzi usiku umodzi, kenaka mufese. Kumunda talikitsani mamita 10 mbali zonse, kutanthauza mitengo 40 pa ekala, ndipo muzikepo chikhomo pa mbande iliyonse kuti khasu lisaidule popalira. Lambulani mozungulira moto wolusa usanayambe.

Msangu umayoyola masamba nthawi ya dzinja n'kuphukira m'chilimwe, n'chifukwa chake chimanga chimakondwa pansi pake, koma pamatenga zaka zambiri kuti chondecho chioneke. Kwanuko kunyanja msangu umamera wokha m'minda yambiri. Mukapeza kamtengo kotere kapena chitsa chophukira, siyani mphukira imodzi kapena ziwiri zowongoka n'kudula zinazo. Kameneko kali kale ndi muzu wozama ndipo kadzakula msanga kuposa mbande ya pa nazale.